ANCHITO A ZAUMOYO ABWERERA KU MAPHUNZIRO KAAMBA KA MOYO NDI CINSINSI CA WODWALA

Pa kiliniki ya kumudzi, kaya ndi ku Chadiza, ku Lundazi kapena ku cigwa ca Luangwa, namwino sakhala mlendo nthawi yaitali. Iye atunga madzi pa citsime cimodzi ndi anthu amene amawapima magazi, agaitsa cimanga pa cigayo cimodzi ndi iwo, ndipo pa Sondo apemphera nao m'chalichi limodzi. Koma mumtima mwake asenza katundu amene anzakewo samuona. Iye adziwa maina a anthu amene ali ndi kacirombo ka HIV m'midzi yonse yozungulira, kaya ndi mkazi wa anyakwawa, mnyamata wa pa sukulu kapena mkulu wa mpingo. Lirime lake likaterereka kamodzi kokha, pa maliro kapena pa msika, ukwati ukhoza kutha, ndipo munthu akhoza kuleka kubwera kudzatenga mankhwala amene asunga moyo wake.

Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene Boma linaikira lamulo lakuti madokotala, ma clinical officer, anamwino, azamba, opima magazi ndi opereka mankhwala asaleke kuphunzira ngakhale kuti analandira kale masatifiketi ao. Maphunziro amenewa, amene anchito a m'zipatala amawachula mwacidule kuti CPD, ali ndi mbali ziwiri zoyendera pamodzi. Mbali yoyamba ndiyo kudziwa mankhwala atsopano ndi njira zatsopano zothandizira odwala. Mbali yaciwiri ndiyo mwambo wa nchito, ndiko kuti kulemekeza wodwala, kumuuza zoona, kupempha cilolezo cake ndi kusunga cinsinsi cake.

LAMULO LIKUTI BWANJI

M'caka ca 2009 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Health Professions Council of Zambia, limene linalowa m'malo mwa Medical Council of Zambia. Bungwe limeneli ndilo lilemba m'kaundula madokotala, ma clinical officer, opima magazi ndi opereka mankhwala. Anamwino ndi azamba ali nalo bungwe lao-lao, la Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene lamulo la mu 2019 lisanabwere linali kudziwika ndi dzina lakuti General Nursing Council of Zambia.

Munthu ali yense wolembedwa m'mabungwe amenewa ayenera kutenga ciphaso ca nchito caka ndi caka. Asanacilandire ayenera kuonetsa umboni wakuti m'cakaco waphunzirako zina. Phunziro liri lonse lobvomerezeka limpatsa mapointi, ndipo mapointi amenewa ndiwo atsegula njira ya ku ciphaso catsopano. Mabungwe omwewa ali ndi mphamvu ya kumva madandaulo a odwala, kucenjeza wanchito wolakwa, kumuimitsa, ngakhale kufafaniza dzina lake m'kaundula.

Maphunzirowa sacitikira ku Lusaka kokha ai. Ena acitikira pa cipatala pomwepo, pamene anchito asonkhana kukambirana za wodwala amene matenda ake abvuta. Ena acitikira pa boma kwa masiku owerengeka. Nthawi zina akatswiri ocokera ku boma kapena ku likulu la cigawo amayendera makiliniki, nakhala pambali pa namwino pamene aona odwala, namuongolera pamene waphonya. Masiku ano ambiri aphunziranso pa foni ndi pa kompyuta, ngakhale kuti kumidzi ina netiweki ndi malaiti zikali zobvuta.

Pa makiliniki ambiri a kumidzi anchito ndi ocepa, kotero kuti mmodzi akapita ku maphunziro mzera wa odwala utalika. Pamenepo anthu amang'ung'udza kuti anamwino angopita kukadya ndalama ku mawekishopu. Dandaulo limeneli limveka, makamaka kwa mai amene wayenda makilomita khumi ndi mwana kumbuyo. Koma mbiri ya matenda a Edzi m'dziko muno ionetsa poyera cimene cikadacitika anchito amenewa akadakhala pa nzeru za ku sukulu zokha.

NZERU ZA DZULO SIZIKWANIRA LERO

M'caka ca 1983 Dokotala Anne Bayley, wa maopareshoni pa cipatala ca University Teaching Hospital ku Lusaka, anayamba kuona kansa ya pakhungu yochedwa Kaposi ikupha anthu acinyamata mofulumira, mosiyana ndi m'mene inali kucitira kale. Mu 1984 dziko la Zambia linalengeza za wodwala Edzi woyamba. Anthu anacita mantha, naapatsa matendawa maina monga kaliwondewonde, ndipo mabanja anali kubisa odwala ao m'nyumba. Mu October 1987 Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, anauza dziko lonse kuti mwana wao Masuzyo, amene anamwalira mu December 1986, anafa ndi Edzi. Caka comweco ca 1987 cipatala ca Chikankata cinayamba kuyendera odwala m'makomo mwao, ndipo mu 1990 a Winstone Zulu anakhala munthu woyamba m'Zambia kunena poyera kuti ali ndi kacirombo.

Namwino amene anatsiriza sukulu m'masiku amenewo anaphunzira kutonthoza wodwala ndi kucepetsa zowawa zake basi, pakuti mankhwala a ma ARV, pamene anapezeka, anali okwera mtengo koopsa. Boma linayamba kuwapereka mu 2002 pa zipatala ziwiri, UTH ndi Ndola Central, ndipo mu 2005 anakhala aulere m'zipatala za Boma. Kucokera pamenepo malangizo akhala akusintha kawiri-kawiri.

Poyamba munthu anali kudikira kuti asilikali a m'thupi mwake, ochedwa CD4, atsike kufika pa 200 asanayambe mankhwala. Mu 2010 bungwe la World Health Organization linakweza malirewo kufika pa 350, mu 2013 pa 500, ndipo mu 2015 linati munthu ali yense wopezeka ndi kacirombo ayambe mankhwala osadikira. Zambia inatsata langizo limeneli mu 2016. Namwino amene lero angabweze munthu kumudzi kuti akali wamphamvu, adzabwere akadwala, ndiye kuti atsata lamulo limene linatha kale-kale.

Mankhwala eni akenso anasintha. Mankhwala a stavudine, amene anapulumutsa anthu ambiri pa ciyambi, anali kulowetsa masaya ndi kucititsa dzanzi ndi kutentha kwa mapazi, motero anacotsedwa pang'ono-pang'ono. Lero ambiri akumwa piritsi limodzi pa tsiku lokhala ndi dolutegravir. Mu 2018 lipoti locokera ku Botswana linaopsa anthu kuti mankhwala amenewa angapundule khanda m'mimba, ndipo akazi ambiri a msinkhu wobereka sanapatsidwe. Koma ofufuza atawerenga ana ambiri obadwa pambuyo pake anapeza kuti ngoziyo inali yocepa kwambiri kusiyana ndi m'mene anaopera, ndipo mu 2019 World Health Organization inabvomereza mankhwalawa kwa akazi omwe. M'miyezi yowerengeka cabe langizo linatembenuka, ndipo wanchito amene anamva uthenga woyamba wokha akadapitiriza kumana amai mankhwala abwino.

Nzeru zina zatsopano zinabadwira mom'muno. Mu 2004 Profesa Chifumbe Chintu ndi anzao anaonetsa pa UTH kuti Septrin, mankhwala ochipa odziwika kwa ali yense, achinjiriza ana okhala ndi kacirombo. Mwa ana 100 ali onse amene analandira Septrin anamwalira 28, pamene mwa ana 100 amene sanalandire anamwalira 42. Kafukufuku wina wa ku Lusaka, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008, anaonetsa kuti kuletsa mwana kuyamwa mwadzidzidzi pa miyezi inai sikupulumutsa ana, ndipo ana amene anali kale ndi kacirombo anali kufa ambiri akasiyitsidwa bere msanga. Langizo la lero nlakuti mai amene akumwa ma ARV mokhulupirika ayamwitse bere lokha miyezi 6, napitirize kuyamwitsa pamodzi ndi zakudya zina kufikira caka cimodzi kapena kupitirira. Akulu anati safunsa anadya phula. Mzamba amene safunsa za malangizo atsopano akhoza kupha mwana ndi uphungu umene iye ayesa wabwino.

CILOLEZO CA WODWALA

Mbali yaciwiri ya maphunzirowa ndiyo ibvuta koposa, cifukwa siilembedwa pa botolo la mankhwala. Anchito a zaumoyo pa dziko lonse atsata mfundo zinai: kulemekeza ufulu wa wodwala wa kudzisankhira, kumcitira zabwino, kupewa kumpweteka, ndi kucitira anthu onse mofanana. Lumbiro la madokotala limene bungwe la World Medical Association linalemba ku Geneva mu 1948 linenanso kuti cinsinsi ca wodwala cisungidwe ngakhale iye atamwalira.

M'dziko muno mfundo ya cilolezo inayesedwa m'khoti. Asilikali awiri a gulu la nkhondo la mumlengalenga anasumira Boma kuti anapimidwa HIV osauzidwa, napatsidwa mankhwala osadziwa kuti ndi a ciani. Mu May 2010 Khoti Lalikulu ku Livingstone linagamula kuti kupima munthu HIV popanda cilolezo cake ndi kumphwanyira ufulu umene malamulo akulu a dziko ampatsa, ndipo linalamula kuti anthuwo alipidwe. Mlandu umenewu ndi phunziro kwa wanchito ali yense wogwira jekeseni yotengera magazi.

Nkhaniyi inabukanso mu August 2017, pamene Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Edgar Lungu, analengeza kuti ali yense wofika pa cipatala ca Boma azipimidwa HIV. Colinga cinali cakuti anthu adziwe msanga ndi kuyamba mankhwala, koma mauwo anautsa mtsutso waukulu. Cimene cinakhazikika pambuyo pake ncakuti wanchito ayenera kuuza wodwala ali yense za ubwino wa kupimitsa ndi kumpempha kuti apimidwe, koma wodwalayo ali ndi ufulu wa kukana, ndipo akakana sayenera kumanidwa cithandizo ca matenda amene wabwerera.

Cilolezo ceni-ceni cifuna zinthu zitatu. Munthu auzidwe m'cinenero cimene amva, kaya ndi Cicewa, Cinsenga, Citumbuka kapena Cikunda, cimene cipimidwa ndi cimene cidzatsatira. Akhale wa msinkhu ndi wa maganizo abwino. Ndipo abvomere mwa iye yekha, osati cifukwa ca kuopa yunifomu. Mfundo yacitatuyi ndiyo ifuna kusamala kwambiri kumidzi, kumene anthu anazolowera kuyankha kuti inde kwa munthu ali yense wophunzira. Agogo amene agwedeza mutu kwa namwino kawiri-kawiri aonetsa ulemu cabe, osati kuti amva. Cifukwa cake anchito aphunzitsidwa kupempha wodwala kuti abwereze ndi mau ake zimene wauzidwa. Malangizo a Unduna wa Zaumoyo alola wacinyamata wa zaka 16 kupimitsa mwa iye yekha, pamene mwana wocepera pamenepo kawiri-kawiri afuna cilolezo ca kholo kapena womlera.

PAMENE APONGOZI AFUNSA

Pa maphunziro a mwambo wa nchito aphunzitsi amaika nkhani zoyerekeza kuti ophunzira akambirane. Imodzi ya nkhani zotere ikhoza kuyenda motere. Mai wapakati wabwera ku sikelo napezeka ndi kacirombo. Wayamba mankhwala tsiku lomwelo, koma wapempha kuti mwamuna wake asadziwe msanga pakuti ndi waukali. Patapita sabata, apongozi ake aakazi, amene aimba kwaya imodzi ndi namwino, apeza botolo la mankhwala m'nyumba. Iwo adza madzulo ku nyumba ya namwino ndi nkhuku m'manja, nafunsa mwaulemu wonse kuti mpongozi wao adwala ciani, popeza mimbayo ndi ya mdzukulu wao.

Mwa mwambo wa Acewa ndi Angoni funso limeneli siliri lacilendo. Matenda ndi nkhani ya banja lonse, ndipo akulu ndiwo asenza wodwala kupita naye ku cipatala. Kukana kuyankha munthu wamkulu kuoneka ngati mwano. Komabe yankho loyenera ndi limodzi lokha. Namwino awalandira amaiwo ndi ulemu, awapatsa mpando, nawauza kuti nchito yake simlola kukamba za munthu ali yense amene afika pa kiliniki, monganso sangauze munthu wina za matenda a iwo eni. Sabvomera, sakana, ndipo nkhukuyo sailandira. M'mawa mwake aitana mai uja pambali, namdziwitsa kuti kunyumba kwayamba mafunso, nakambirana naye za munthu amene angamuuze coyamba ndi m'mene angamuuzire popanda ngozi.

Cinsinsi sicituluka ndi pakamwa pokha. Cituluka pamene mafaelo asiyidwa pa tebulo, pamene dzina la munthu liitanidwa mokweza pa khomo limene onse adziwa kuti mpa ma ARV, pamene cipinda copimiramo ciri ndi nsaru m'malo mwa citseko, ndi pamene wanchito wodzipereka aimika njinga yake pa khomo limodzi-modzi mwezi ndi mwezi. Masiku ano citulukanso pa foni, pamene wanchito ajambula kadi la wodwala natumiza kwa mnzake pa WhatsApp. Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 liika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofuna kusungidwa mosamala koposa, ndipo likhudzanso zolembedwa m'makompyuta a SmartCare amene zipatala zambiri zigwiritsa nchito.

Cinsinsi cikatuluka pa kiliniki imodzi, mbiri imafala midzi yonse. Anthu ayamba kulumpha kiliniki yapafupi nakatenga mankhwala kutali kumene sadziwika. Mvula ikagwa, mitsinje ikadzala, kapena ndalama ya ulendo ikasowa, iwo aphonya tsiku. Kacirombo kapeza mpata wa kuzolowera mankhwala, ndipo pamene munthuyo abwerera, mankhwala oyamba aja sagwiranso nchito. Motero mau amodzi olankhulidwa pa msika akhoza kuthera ku manda.

Ziripo nthawi zocepa zimene cinsinsi cigawidwa. Anchito anzake amene athandiza wodwala yemweyo ayenera kudziwa zimene zifunika pa nchito yao. Khoti likhozanso kulamula. Kupatula apo, mwini nkhani ndi wodwala yekha. Abwana a pa nchito, aphunzitsi akulu a sukulu, abusa, ankhoswe ngakhale mfumu alibe mphamvu ya kufunsa cipatala za magazi a munthu wina.

NANGA MWAMUNA WAKE

Funso lobvuta koposa ndi la mwamuna wa mai uja. Iyenso ali ndi moyo, ndipo mwina alibe kacirombo. Anthu ambiri sakhulupirira kuti m'nyumba imodzi wina angakhale nako wina nkukhala wopanda, koma mabanja otere ngambiri, ndipo kupezeka kwa kacirombo mwa mmodzi sikutanthauza kuti wacita cigololo dzulo, pakuti munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri asanakwatire osadziwa. Apa mfundo ziwiri zilimbana: kusunga cinsinsi ca mkazi ndi kuchinjiriza mwamuna.

Njira imene anchito aphunzitsidwa ndiyo kuthandiza wodwala kuti aulule yekha. Iye akhoza kuuza mwamuna kunyumba, kapena kubwera naye kuti apimidwe pamodzi pamaso pa mlangizi, kapena kulola cipatala kuitana mwamunayo popanda kuchula dzina la amene wapereka uthenga. Zonsezi zicitika mwa kufuna kwa wodwala, ndipo wanchito ayenera kufunsa coyamba ngati pali ngozi ya kumenyedwa kapena kupitikitsidwa pa banja. Malangizo a United Nations alola wanchito kudziwitsa mnzake wa wodwala pokha-pokha ngati wodwalayo walangizidwa mokwanira nakanabe, ngati ngozi kwa winayo ndi yeni-yeni, ndiponso ngati wodwala wacenjezedwa pasadakhale. Iyi ndi njira yotsiriza, ndipo wanchito wanzeru saiyenda yekha osafunsa akulu a pa nchito, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nzeru zatsopano zapeputsa mtolo umenewu. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011 anaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga kucepetsa kupatsirana kacirombo m'banja ndi magawo 96 pa 100. Lero cidziwika kuti munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika, kufikira tizirombo tosaonekanso pa makina opimira magazi, sapatsira mnzake pogonana. Wopanda kacirombo akhozanso kumwa mankhwala omchinjiriza ochedwa PrEP, ndipo mu 2024 Zambia inayamba kupereka jekeseni ya nchito yomweyo yobayidwa miyezi iwiri iri yonse. Namwino wodziwa zimenezi ali ndi uthenga wabwino wouza banja. Wosazidziwa angolimbikitsa mantha amene amapasula maukwati.

ANA OBADWA NAKO

Ana ambiri amene anabadwa ndi kacirombo tsopano akula. Kawiri-kawiri makolo kapena agogo amawauza kuti mapiritsiwo ndi a cifuwa kapena a magazi. Mwana akafika ku sekondale nawerenga yekha dzina la mankhwala, amakwiya, ndipo ena aleka kumwa. Mu 2011 World Health Organization inalangiza kuti ana a msinkhu wa sukulu auzidwe zoona, ndipo ocepera pamenepo auzidwe pang'ono-pang'ono monga mwa nzeru zao. Mwana wamng'ono auzidwa kuti m'magazi mwake muli kacirombo kamene mankhwala amakagoneka tulo, ndipo akamasinkhuka auzidwa dzina lake. Wanchito sacita zimenezi mobisira womlera, komanso sayenera kunamiza mwana amene wafunsa maso ndi maso. Nchito yake ndiyo kukonzekeretsa kholo, limene nthawi zambiri liopa funso lakuti, kodi ndinakatenga kuti.

ULEMU KWA ONSE

Mfundo ya kucitira anthu mofanana iyesedwa tsiku ndi tsiku pa mzera wa odwala. Mtsikana wa sukulu wofuna makondomu, mkazi woyenda-yenda wa pa malire a Mwami kapena Chanida, mkaidi, ndi munthu woledzera, onse ali ndi ufulu wofanana ndi wa mkazi wa sitolo. Anchito akumbutsidwa kuti mpando wa namwino si guwa la mlaliki kapena bwalo la milandu.

Munthu amene anasiya mankhwala miyezi itatu nabwerera afuna kulandiridwa, osati kukalipiridwa pamaso pa anthu. Kukalipira kumbweza kumudzi, ndipo adzabweranso pa ngolo ali gone. Ngati anasiya cifukwa mneneri anamuuza kuti wacira, kapena cifukwa ca mankhwala a sing'anga, wanchito ayenera kunena zoona mosapsatira, kuti kufikira lero palibe mtengo kapena pemphero limene lalowa m'malo mwa ma ARV, koma anene mosanyoza cikhulupiriro ca munthu. Wodwala wonyozedwa saulula zimene akumwa kumbali, pamene wanchito afunika kuzidziwa.

Anchito a zaumoyo naonso ndi anthu. Ena a iwo ali ndi kacirombo, ndipo kwa iwo kutenga mankhwala pa malo ao a nchito ndi kobvuta koposa. Cinsinsi cao ciyenera kusungidwa ndi anzao monga ca wodwala wina ali yense. Amene walaswa ndi singano yogwiritsidwa kale nchito aphunzitsidwa kusabisa, koma kuyamba mankhwala ochedwa PEP msanga, maola 72 asanathe, ndi kumwa masiku 28. Cithandizo comweci ciperekedwa kwa mkazi kapena mwana amene wagwiriridwa, ndipo abale sayenera kutaya maola amenewa pokambirana za kulipitsa mlandu pa mudzi.

MBALI YA ANTHU A M'MIDZI

Kafukufuku wa dziko lonse wochedwa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti anthu 11 mwa anthu 100 ali onse a zaka 15 kupita mtsogolo ali ndi kacirombo. Mwa iwo, pafupi-fupi 89 pa 100 anali kudziwa, mwa odziwawo 98 pa 100 anali pa mankhwala, ndipo mwa omwa mankhwala 96 pa 100 tizirombo tinali titagona. Ciwerengero cimeneci cionetsa nchito yaikulu imene yacitika ciyambire 1984. Cionetsanso pamene patsala mpata, ndipo mpa anthu amene sanapimitse. Ambiri a iwo ndi amuna ndi acinyamata, ndipo cimodzi mwa zimene ziwabweza ndi mantha akuti nkhani yao idzamveka.

Cifukwa ca ici anthu a m'midzi ayenera kudziwa ufulu wao. Wodwala ali ndi ufulu wa kufunsa dzina la mankhwala amene apatsidwa ndi nchito yake, wa kupempha kuti akambe ndi wanchito pa awiri, ndi wa kusankha yekha munthu womperekeza. Amene waululiridwa cinsinsi kapena kunyozedwa ayambe kudandaula kwa mkulu wa pa kiliniki kapena kwa a komiti ya zaumoyo ya m'dera lake. Zikakanika apite ku ofesi ya zaumoyo pa boma, ndipo pamwamba pa onsewa pali mabungwe awiri aja amene asunga kaundula.

Koma anthu naonso ali ndi mbali yao. Namwino sangasunge cinsinsi pa mudzi umene anthu akhala pa mtengo wa pafupi ndi kiliniki kuwerenga olowa ndi otuluka. Mafumu, anyakwawa, alangizi a cinamwali ndi atsogoleri a mipingo apemphedwa kuletsa maina onyoza monga kanayaka, ndi kuleka kufunsa anchito a zaumoyo mafunso amene lamulo siliwalola kuyankha. Namwino amene akana kuuza apongozi za matenda a mpongozi wao sacita mwano. Iye ndiye amene adzasunganso nkhani ya apongoziwo tsiku limene iwo adzagona pa bedi la cipatala.

Ndipo pamene anthu apeza kuti namwino wao wapita ku boma kukaphunzira, afunse tsiku limene adzabwerera, ndipo omwa ma ARV aonetsetse kuti atenga mankhwala ao tsiku lao lisanapitirire. Iye akabwera ali ndi udindo wa kugawira anzake a pa kiliniki zimene waphunzira, ndipo a komiti ya zaumoyo ali ndi ufulu wa kumpempha kuti pa msonkhano wotsatira afotokozere anthu zimene zasintha.